Parody: nyimbo yoyimbidwa pambali pa inzake

Pa 7 Malichi 1994, oweruza 9 a khoti lalikulu kwambiri ku America anagamula mlandu wa nyimbo ya rap, ndipo pofotokoza chigamulo chawo anadzera ku Chigiriki chakale. Mlanduwo unali pakati pa kampani ya Acuff-Rose, imene inali ndi umwini wa nyimbo ya Roy Orbison ya mu 1964 yotchedwa Oh, Pretty Woman, ndi gulu la oyimba la ku Miami la 2 Live Crew lotsogoleredwa ndi Luther Campbell. Mu 1989 anyamatawa anapempha chilolezo choti aiyimbe mwanjira yawoyawo, nalonjeza kulipira komanso kutchula eni ake. Kampani inakana. Iwo anaiyimbabe. Anatenga kaliridwe kotchuka kamene kamatsegulira nyimboyo pamodzi ndi mzere woyamba, kenaka anapatuka panjira ya Orbison, mkazi wokongola wa mumsewu uja nasanduka akazi ena ofotokozedwa m'mawu osapsatira. Makope atagulidwa pafupifupi 250,000, kampani inakasuma.

Woweruza David Souter, yemwe analemba chigamulo m'malo mwa anzake onse, ananena kuti kupanga ndalama pa nyimbo yotere sikutanthauza kuti oyimbawo aba. Mfundo yake inali yakuti munthu wofuna kudzudzula nyimbo mwa kuiyimba mokhotetsa sangachitire mwina koma kutengako zina za nyimboyo, apo ayi womvera sangadziwe chimene chikudzudzulidwa. Khoti linaona kuti nyimbo ya 2 Live Crew ikhoza kumveka ngati yankho kwa Orbison, yoseka maloto ake a chikondi chongokumana nacho pamsewu. Mlandu unabwezedwa ku khoti laling'ono, ndipo pambuyo pake mbali ziwirizo zinamvana paokha. Chimene chinatsala m'mabuku a malamulo ndi tanthauzo la liwu limodzi, limene Souter analilondola mpaka komwe linachokera.

Liwulo ndi parody. Amene amakhala pa intaneti amaliona tsiku ndi tsiku: pa masamba a Facebook ndi X otsegulidwa m'dzina la anthu otchuka, pansi pa makanema a TikTok, ndiponso pakamwa pa munthu amene wagwidwa akufalitsa bodza ndiye akusaka pothawira. Ambiri amalimva ngati dzina lachizungu la chipongwe chilichonse choseketsa. Kamvedwe kameneko kakuwononga liwu labwino, ndipo kakunyazitsanso luso limene anthu analivutikira, ena mpaka kugona m'ndende.

Agiriki ankati paroidia, mawu awiri olumikizidwa. Para ndi pambali kapena pafupi, ndipo nthawi zina linkatanthauzanso motsutsana. Oide ndi nyimbo. Lachiwirili ndi lomwe lili kumapeto kwa mawu a Chingerezi monga melody, comedy, tragedy ndi rhapsody, pamene loyambalo likupezeka mu parallel, mizere yoyenda moyandikana, ndi mu parable, fanizo, nkhani yoikidwa pambali pa inzake kuti iiunikire. Choncho paroidia ndi nyimbo yoyimbidwa pambali pa nyimbo ina. Mu tsinde la liwuli mulibe kunyoza, ngakhale kuseka mulibe. Chimene chilimo ndi chakuti nyimbo zikhale ziwiri.

Kuseka kunalowa chifukwa cha nyimbo imene inali yoyambayo. Ku Athens mnyamata wopita kusukulu ankaloweza ndakatulo za Homer, Iliad ndi Odyssey, ndipo pa zikondwerero akatswiri olakatula ankapikisana kuzinena pamtima pamaso pa khamu. Ndakatulozo zinali ndi kayendedwe kolemera, ka magawo 6 pa mzere uliwonse, ndi mayina aulemu a milungu ndi ngwazi obwera mobwerezabwereza. Tsono kunabwera anthu amene anatenga kayendedwe komweko ndi mawu akuluakulu omwewo nkuyamba kulakatula zazing'onozing'ono za tsiku ndi tsiku. Aristotle, m'buku lake la Poetics, akutchula Hegemon wa pachilumba cha Thasos kuti ndiye anayamba kupeka ndakatulo zoterezi. Hegemon anatchuka ku Athens zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe, ndipo anthu anamupatsa dzina lotanthauza mphodza chifukwa chozikonda. Mlembi wina wa pambuyo pake, Athenaeus, akusimba kuti uthenga wa kugonja koopsa kwa asilikali a Athens ku Sicily, mu 413 Yesu asanabadwe, unafika anthu ali m'bwalo la zisudzo kumvera Hegemon akulakatula za nkhondo ya zimphona, ndipo anakhalabe pamipando yawo. Wina, Matro wa ku Pitane, anafotokoza phwando la chakudya ndi mawu a Homer, nsomba zikulowa m'chipinda ngati akazembe a nkhondo.

Chitsanzo chimene chinapulumuka chathunthu ndi ndakatulo ya mizere pafupifupi 300 yonena za nkhondo ya achule ndi mbewa. Akale ena ankati analemba ndi Homer mwini wake, koma akatswiri a lero amakana. Mbewa ina, mwana wa mfumu, yapita kukamwa madzi padziwe. Mfumu ya achule ikuifunsa za mtundu wake, monga momwe ngwazi za mu Iliad zimafunsirana za makolo awo, kenaka ikuibereka kumsana kuti ikaone nyumba yake. Ali pakati pa madzi kukutulukira njoka. Chule akumira pothawa osakumbuka mlendo wake, ndipo mbewa ikufa ikutemberera. Mbewa zonse zikumemana kunkhondo. Zikuvala makoko a nyemba m'miyendo ndi kutenga masingano ngati mikondo, pamene achule akunyamula masamba a kabichi ngati zishango ndi zigoba za nkhono ngati zisoti. Kumwamba Zeus akufunsa mwana wake Athena kuti athandiza mbali iti, iye nkukana zonse: mbewa zinamudyera chovala, achule anamusowetsa tulo ndi phokoso. Achule atatsala pang'ono kutha psiti, Zeus akutumiza nkhanu, ndipo nkhondo ikutha dzuwa likulowa, tsiku lomwelo imene inayamba.

Munthu wosadziwa Homer akamva nkhaniyi amangoti ndi nthano ya ana. Mgiriki ankafa nalo phwete chifukwa khutu lake linkamva zinthu ziwiri nthawi imodzi: mzere wa chule, ndi kumbuyo kwake mzere wa ngwazi Achilles umene analoweza ali mwana. Zili ngati mwana wasukulu woyenda kumbuyo kwa ahedi akutsanzira kayendedwe kawo, manja kumbuyo, mimba patsogolo. Anzake amaseka chifukwa akuona anthu onse awiri, ndipo ahedi akangolowa mu ofesi mwanayo amatsala ali munthu woyenda modabwitsa chabe. Nkhani yonse yagona pamenepa. Wolemba parody ayenera kuidziwa nyimbo yoyambayo kuposa ambiri oikonda. Ayenera kudziwa pamene imadzitukumula, pamene imabwereza ndi pamene imabisa kanthu. Imeneyi ndi ntchito ya munthu wowerenga mozama, ngakhale imatuluka ngati nthabwala.

Akatswiri a nyimbo mpaka lero amagwiritsa ntchito liwuli popanda kuseka konse. Mu 1733 Johann Sebastian Bach anapeka nyimbo zokondwerera masiku obadwa a anthu a m'banja lachifumu la Saxony. Chaka chotsatira anatenga maimbidwe omwewo, kuikamo mawu atsopano onena za kubadwa kwa Yesu, zambiri nkulowa mu Christmas Oratorio. Zimenezo amazitcha parody. Makwaya a kuno amene amatenga maimbidwe a nyimbo yotchuka pa wailesi nkuikamo mawu a Mulungu akuchita zomwezo.

M'Chingerezi liwuli linalowa mochedwa, kudzera m'Chilatini cha anthu ophunzira. Mabuku olondola mbiri ya mawu amaloza kwa Ben Jonson ndi sewero lake la Every Man in His Humour, limene linaonetsedwa koyamba ku London mu 1598, William Shakespeare ali mmodzi wa osewera. Chakumapeto kwa sewerolo, mlakatuli wodzitama akupezeka ndi ndakatulo za eni ake m'thumba, zakuba ndi zopotozedwa, ndipo wina akuzitcha dzina latsopanoli. Pambuyo pake kunabwera mawu ena oyandikana nalo. Travesty linachokera ku Chifalansa ndi Chitaliyana, kutanthauza kuvala zovala za wina, ndipo linatchuka Paul Scarron atalemba Virgile travesti mu 1648. Burlesque ndi mwana wa burla, nthabwala m'Chitaliyana. Caricature ndi lochokera ku caricare, kusenzetsa katundu wambiri, monga wojambula amachitira akakulitsa mphuno ya nduna. Pa onsewa parody ndilo limalunjika pa kalankhulidwe, pa momwe munthu kapena buku limanenera zinthu.

Ndipo kalankhulidwe kakagwidwa bwino, mwini wake sachira msanga. Samuel Richardson atatulutsa Pamela mu 1740, nkhani ya mtsikana wantchito amene akukana bwana wake mpaka bwanayo kumukwatira, Henry Fielding anayankha chaka chotsatira ndi Shamela, makalata a mtsikana yemweyo akuulula kuti kukanako kunali kukweza mtengo. Lewis Carroll mu 1865 anapotoza ndakatulo za malangizo zomwe ana a ku England ankakakamizidwa kuloweza, za Isaac Watts ndi Robert Southey, naziika m'kamwa mwa Alice, kamtsikana ka m'buku lake. Lero ana ambiri amadziwa zopotozedwazo, zoyambazo zinatsalira akatswiri.

Amene anaonetsa poyera kuti luso limeneli likhoza kumangitsa munthu ndi William Hone, wogulitsa mabuku wosauka wa ku London, wa ana ambiri ndi ngongole zambiri. Kumayambiriro kwa 1817, nkhondo za Napoleon zitatha, buledi atakwera mtengo, ntchito zikusowa, boma likukonzekera kuimitsa lamulo loletsa kutsekera munthu osamuzenga mlandu, Hone anasindikiza timabuku titatu totchipa. Tonse tinatengera buku la mapemphero la mpingo wa Anglican. Kena kanali katekisimu, kena pemphero lalitali lija limene wansembe amatchula zopempha mpingo nkumavomera, kachitatu chikhulupiriro cha Athanasius. Aliyense amene anakhalapo m'kalasi kutchalitchi akudziwa mphamvu ya mafunso ndi mayankho oloweza: funso likangoyamba, pakamwa pamayankha pokha. Hone anagwira mphamvu imeneyo. Mu katekisimu wake wofunsidwa sanali mwana wa kalasi koma phungu wa nyumba ya malamulo wodyera m'manja mwa boma, ndipo Malamulo Khumi anasanduka malamulo a momwe angavomerere chilichonse chimene nduna zanena kuti asataye malipiro ake.

Boma linamuimba mlandu wonyoza zopatulika, umene unkaoneka wosavuta kupambana kusiyana ndi kungoti wanyoza nduna. Anamuzenga katatu masiku atatu otsatizana, pa 18, 19 ndi 20 Disembala 1817, ku Guildhall, kabuku kalikonse mlandu wake. Hone analibe loya. Analowa m'khoti akudwala, atavala zakutha, ndi mulu wa mabuku akale umene anauyala patebulo. Tsiku lililonse ankalankhula maola ambiri, akuwerenga chitsanzo ndi chitsanzo cha anthu olemekezeka amene anachitapo zomwezo osamangidwa. Anawerenga za Martin Luther, yemwe anapotoza Salimo loyamba. Anatchulanso George Canning, yemwe nthawi imeneyo anali nduna ya boma lomwe linkamuzengalo. Mfundo yake inali imodzi: pali parody yoseka buku lomwe yatengera, ndipo pali ina yongobwereka mawu a buku lodziwika kuti iseke chinthu china. Iye sanaseke pemphero, anaseka anthu oba ndalama za misonkho.

Tsiku loyamba gulu la anthu wamba 12 ogamula mlandu linamupeza wosalakwa. Mkulu wa oweruza, Lord Ellenborough, ngakhale ankadwala, anabwera yekha kudzakhala pampando masiku awiri otsalawo, nauza anthu ogamula mlandu a masiku amenewo mosabisa kuti iye akuona kuti Hone ndi wolakwa. Iwo anamumasulabe, kawiri konse, khamu likufuula panja. Anthu anasonkha ndalama zoposa mapaundi 3,000 zomuthandiza. Ellenborough anatula pansi udindo chaka chotsatira, namwalira mu Disembala 1818.

Woyang'anitsitsa aona kuti Hone ndi Souter sakunena chimodzi. Kwa khoti la ku America, parody yeniyeni iyenera kuluma chinthu chomwe yatengeracho, ndipo yongobwereka mawu kuti ilume china ili ndi chitetezo chochepa. Hone anapulumuka ndi mfundo yotembenuza imeneyo. Pa nkhaniyi khoti la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya ndilo linafika pafupi ndi tanthauzo lakale. Mu 2014, pa mlandu wa Deckmyn wochokera ku Belgium, linanena kuti zofunika ndi ziwiri: ntchitoyo ikumbutse ina yodziwika koma isiyane nayo mooneka, ndipo ikhale yoseketsa kapena yonyogodola. Silinakakamize kuti cholumidwa chikhale ntchito yoyambayo. Kumeneko ndi kuona bwino. Chimene chikugwirizanitsa Hegemon, Hone ndi 2 Live Crew ndi chakuti womvera amamva mawu a anthu awiri ndipo amadziwa kuti wachiwiriyo si woyambayo.

Chigawo chino cha Africa chili ndi mlandu wakewake. Justin Nurse, mnyamata amene anaphunzira utolankhani ku Rhodes University ku South Africa, anayambitsa kakampani kotchedwa Laugh It Off kogulitsa matisheti. Imodzi inatenga chizindikiro cha mowa wa Carling Black Label, mitundu yomweyo ndi kalembedwe komweko, koma pamene pamalembedwa Black Label panalembedwa Black Labour, pamene pamalembedwa dzina la mowa panalembedwa White Guilt, ndipo pansi pake panali chaka cha 1652, chimene Jan van Riebeeck anafika ku Cape. Munthu ankayamba waona mowa, kenaka nkuwerenga za thukuta la anthu akuda ndi kulakwa kwa azungu. Kwa mabanja a ku Malawi amene agogo awo anapita ku Joni pa Wenela kukakumba golide, tisheti imeneyo inalibe chofuna kumasulira. Kampani ya mowa inapambana m'makhoti awiri. Koma mu Meyi 2005 khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo linatembenuza chigamulo. Woweruza Dikgang Moseneke anati kampaniyo sinaonetse kuti malonda ake angawonongeke, ndipo Albie Sachs anawonjeza maganizo ake oteteza ufulu wa anthu wamba woseka amphamvu.

Chigamulo chimenecho ndi choyenera kuyamikiridwa. Makampani akuluakulu amawononga ndalama zankhaninkhani kuti chizindikiro chawo chikhale m'mutu mwa aliyense, pa zikwangwani, pa wailesi, pa malaya a matimu a mpira. Atalowa m'mitu ya anthu chotero, sangaletse anthuwo kuyankha ndi chizindikiro chomwecho. Nduna nazonso chimodzimodzi. Amene amalankhula tsiku ndi tsiku pamaso pa dziko amapereka yekha zida kwa omutsanzira, ndipo ayenera kupirira. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo: wanthabwala amatha kunena zomwe mlangizi wovala suti akuopa kunena.

Luso limeneli si lachilendo kuno, ngakhale dzina lake ndi lachilendo. Beni, amene dzina lake linachokera ku liwu la Chingerezi la band, anayamba m'matauni a m'mphepete mwa nyanja ku East Africa m'zaka za m'ma 1890, nafalikira ndi asilikali obwerera kwawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha. Terence Ranger analemba mbiri yake mu 1975. Abale ake ndi malipenga a ku Nkhata Bay ndi Likoma komanso mganda wa m'chigawo chapakati. Amuna ovala zoyera zosita bwino, masokosi ofika m'mawondo, ali pamzere ngati asilikali pa perete, malipenga awo ali a zikho, gulu lawo likutchedwa boma ndipo lili ndi mfumu ndi dokotala wake. Ofufuza akhala akutsutsana ngati ovinawo ankaseka atsamunda kapena ankawasirira. Yankho labwino ndi lakuti zonse ziwiri zinalimo, monga momwe wolemba za achule uja ankakondera Homer pomwe ankamuseka. Nakonso ku Gule Wamkulu kuli Simoni wa nkhope yofiira, wokumbutsa mzungu wopsa ndi dzuwa.

Komabe kutsanzira kuli ndi mbiri ina yonyansa, ndipo oteteza parody sayenera kuibisa. Cha m'ma 1830 Thomas Rice, mzungu wa ku New York, anayamba kudzipaka zakuda kumaso, kuvala nsanza ndi kuvina mopindika, akudzitcha Jim Crow. Anatchuka mpaka kukaonetsa ku London mu 1836. Masewero a mtundu umenewo anaphunzitsa azungu mamiliyoni kuti munthu wakuda ndi waulesi, wopusa ndi wosangalala ndi umphawi wake, ndipo dzina la Jim Crow linadzakhala dzina la malamulo atsankho a kumwera kwa America, amene anagwira ntchito mpaka m'zaka za m'ma 1960. Rice analibe nyimbo yoyamba yoti ayimbe pambali pake. Oonerera ake ambiri sanamvepo munthu wakuda akudzilankhulira yekha, choncho chimene ankaona pa siteji anachitenga ngati choonadi. Mawu anali a munthu mmodzi, ndipo munthu wonenedwayo analibe poyankhira.

M'dziko lomwelo munali gule wina wotchedwa cakewalk. Malinga ndi umboni wa anthu amene anakhalapo akapolo, guleyu anayamba m'minda ya azungu, akapolo akutsanzira momwe mabwana awo ankayendera pa madansi awo, mutu chagada, chifuwa patsogolo, mwendo ukuponyedwa monyada. Mabwanawo ankaonerera ndi kupereka keke kwa opambana. Apa nyimbo yoyamba inalipo, ovina ankaidziwa bwino chifukwa ankaitumikira tsiku ndi tsiku, ndipo anzawo oonerera ankamva zonse ziwiri.

Kusiyana kumeneku kukufunika kwa azisudzo a lero amene akudzaza mafoni ndi makanema afupiafupi. Wotsanzira mlaliki wolonjeza chuma, wandale wobwereza lonjezo lomwelo pa msonkhano uliwonse, kapena muulutsi wokhotetsa lilime kuti amveke ngati wa ku London, akugwira ntchito yomwe Hegemon anayamba. Koma wotsanzira wachibwibwi, wolumala, mayi wa kumudzi wolephera Chingerezi, kapena katchulidwe ka mtundu wina kuti anthu aseke mtunduwo, palibe chimene akudzudzula. Chibwibwi si bodza loti liululidwe. Chimenecho ndi chipongwe, ndipo kulemba liwu lachizungu pansi pa kanemayo sikuchisintha. Ngakhale khoti la ku Ulaya lija linanena kuti mwini ntchito yoyamba ali ndi chifukwa chomveka chokanira kuti ntchito yake isagwiritsidwe ntchito pofalitsa tsankho. Chithunzi chomwe chinayambitsa mlanduwo chinali pa kalendala ya chipani cha Vlaams Belang, chikuonetsa meya wa mzinda wa Ghent akumwaza ndalama, otola ali anthu akuda ndi amayi ofunda kumutu.

Vuto lina ndi lalikulu kuposa pamenepa. Mu Novembala 2022, Twitter itayamba kugulitsa chizindikiro cha buluu chotsimikiza mwini tsamba pa madola 8 pamwezi, munthu wina anatsegula tsamba m'dzina la kampani ya mankhwala ya Eli Lilly nalengeza kuti insulin tsopano ndi yaulere. Uthengawo unafalikira kwa maola angapo mpaka kampaniyo inatulutsa chikalata chotsutsa. Ambiri anaombera m'manja, poti mtengo wa insulin ku America unalidi wopweteka ndipo kampaniyo inachita manyazi. Cholinga chinali chabwino, koma njirayo inali yolakwika. Mu uthengawo munalibe chilichonse chouza wowerenga kuti akumva munthu wachiwiri. Wodwala shuga amene anaukhulupirira sanaseke aliyense. Ananamizidwa pa nkhani ya moyo wake.

Pali otsutsa mfundo imeneyi, ndipo zonena zawo ndi zolemera. Mu 2016 Anthony Novak wa ku Parma, m'chigawo cha Ohio, anatsegula tsamba la Facebook lofanana ndi la apolisi a m'tauni yake, nalembapo zilengezo zopanda mutu. Anamumanga, anagona m'chitokosi masiku angapo, ndipo khoti linamupeza wosalakwa. Atasumira apolisiwo, nyuzipepala ya nthabwala ya The Onion inalembera khoti lalikulu mu Okutobala 2022 kumuikira kumbuyo. Inati parody imagwira ntchito pokhapokha ikayamba yaoneka ngati yeniyeni, ndipo kuikakamiza kudziulula poyambirira nkuipha. Khotilo linakana kumva mlanduwo mu 2023, koma mfundoyo ndi yoona. Timabuku ta Hone tinkayamba ngati katekisimu weniweni. Tisheti ya Nurse inkaoneka ngati yotsatsa mowa.

Kungoti kunamizako kumakhala kwa kanthawi, ndipo chimene chimakuthetsa chimakhala m'kati mwa ntchito yomweyo. Wowerenga katekisimu wa Hone sankafika funso lachitatu asanazindikire. Zilengezo za Novak zinali zopusa mwadala moti munthu wowerenga mpaka kumapeto sakanazitenga ngati za apolisi, nchifukwa chake kumumanga kunali kulakwa. Kamphindi kamene wowerenga amadzidzimuka nkuzindikira kuti wapusitsidwa ndi kamene kamamuphunzitsa kanthu za mawu a amphamvu, kuti amafanana kwambiri ndi zopusa moti anatsala pang'ono kusasiyanitsa. Chikalata chabodza chokhala ndi chidindo cha boma, cholengeza mitengo yatsopano ya mafuta kapena tsiku lotulutsa zotsatira za mayeso, chilibe kamphindi kameneko. Mawu a mtsogoleri opangidwa ndi kompyuta, akunena zomwe sananene koma zomwe akanatha kunena, alibenso. Opanga zimenezi akagwidwa amathamangira kunena kuti inali parody, ndipo akatero amapereka chifukwa kwa olamulira ofuna kutseka pakamwa azisudzo enieni.

Eni masamba a intaneti ayesa kuthetsa vutoli ndi malamulo. Mu 2022 Elon Musk, mwini wa Twitter, analamula kuti tsamba lotsanzira munthu lizilemba liwu la parody m'dzina lake, ndipo mu Epulo 2025 X, dzina latsopano la Twitter, inawonjeza kuti liwulo lizikhala koyambirira kwa dzina komanso chithunzi chisafanane ndi cha mwini wake. Zimenezo zimathandiza amene akuwerengera pa X pomwepo. Koma kuno uthenga umayenda kwambiri pa WhatsApp, utajambulidwa, utadulidwa m'mbali, dzina ndi chenjezo zitatsala m'mbuyo. Chimene chimafika pa foni ya mlimi wa ku Mchinji kapena ku Chipata ndi mawu okhawo, ndipo ngati wolembayo sanaike nthabwala yake m'kati mwa mawuwo, mlimiyo akawerenga mtengo wabodza wa feteleza adzakwera minibasi kupita kukagula ndi ndalama zoperewera.